Zomwe tachita pa nkhani ya disiki imodzi ya ma VM awiri ija

Abale, ndabweranso pa funso langa lija. Ndinafunsa ngati ma VM (makompyuta ongoyerekezera oyenda mkati mwa seva) awiri oyendetsa database ya PostgreSQL, omwe ali pa maseva osiyana ku ofesi kwathu kuno ku Lilongwe, angagwiritse ntchito disiki imodzi ya iSCSI (disiki yofikiridwa kudzera pa netiweki). Zikomo kwambiri inu amene munandichenjeza za ext4, yomwe ndi filesystem (njira yosanjira mafayilo pa disiki).

Munanena zoona. Ext4 ndi inzake XFS sizinapangidwe kuti makina awiri azilembapo nthawi imodzi. Makina aliwonse amasunga zawo mu memory osadziwa zomwe anzawo alemba, mapeto ake mafayilo amawonongeka. Ma filesystem ogawana ngati GFS2 kapena OCFS2 amathana ndi vuto limeneli, komabe PostgreSQL payokha silola maseva awiri kuyendetsa data directory (foda yosungamo deta yake) imodzi pamodzi. Ndiye disiki yogawana ikanangotipatsa active/passive (seva imodzi ikugwira ntchito, inayo ikudikira), yofunanso Pacemaker (pulogalamu yoyang'anira maseva awiriwo) ndi fencing yozimitsa seva yomwe yasokonekera. Chomwe chinandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti bokosi la storage losunga disiki yogawanayo likazima, ma VM onse awiri agwera limodzi.

Tasankha kuti VM iliyonse ikhale ndi disiki yakeyake, deta izikopedwa mosalekeza kuchoka pa VM yotsogolera (primary) kupita pa inzake (replica) ndi streaming replication, pulogalamu ya Patroni n'kumayang'anira failover (replica kutenga udindo primary ikagwa). Etcd, momwe Patroni imasungamo kuti primary ndi iti, ndiyo inatichedwetsa, chifukwa imafuna mamembala 3 kuti quorum (mamembala oposa theka ogwirizana) isasowe mmodzi akagwa. Wachitatuyo tamuika pa kakompyuta kakang'ono pakona, kali ndi UPS (batire yothandiza magetsi akathima) yakeyake, poti magetsi akathima jenereta imatenga kanthawi isanalire.

Dzulo tinazula dala chingwe cha netiweki cha primary, replica inatenga udindo bwinobwino. Chatsala ndi backup, tikuyesa pulogalamu ya pgBackRest. Inu amene mumaigwiritsa ntchito, WAL yanu (mafayilo omwe PostgreSQL imalembamo zosintha zonse) mumasunga kuti?