Matabwa a mlombwa akupindika, ndithandizeni

Akuluakulu, ndikukhoma tebulo lodyerapo m'galaja kunyumba kuno. Pamwamba ndalumikiza matabwa anayi a mlombwa ndi guluu, miyendo ndi ya paini wa ku Chikangawa. Tsopano thabwa limodzi layamba kupindika m'mbali, ndipo polumikizira patseguka kampata koti chikhadabo chikulowa. Wogulitsa ankalumbira kuti ndi ouma, koma pocheka utuchi wake umatuluka wonyowa, kumamatira ku sowo. Vanishi sindinapake.

Ndiye ndichite bwanji? Ndimasule, ndiwasanje pamthunzi ndi timitengo pakati mpaka aumitsitse, kapena ndingomanga zopingasa kunsi ndi masikuluwu kuti awongoke? Mlombwa ndi wodula masiku ano, kutaya sindingayerekeze. Amene munaugwirapo, umatenga miyezi ingati kuti uume, makamaka mvula ikayamba?