RAM ya 8GB yandichepera: ndigule ina kapena ndisinthe mapulogalamu?

Gologolo: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Laputopu yanga ili ndi RAM (memory yogwirira ntchito) ya 8GB. Ndikatsegula pulogalamu yochezera ndi akuntchito, yolembera code komanso bulawuza, fani imayamba kulira, zonse n'kumakakamira. Ndigule RAM ifike 16GB, kapena kungakhale kutaya ndalama?

Fulu: Musanagule, tsegulani Task Manager ya Windows muone mapulogalamu amene akudya RAM kwambiri. Mapulogalamu ambiri masiku ano, monga Slack, Discord ndi VS Code, anapangidwa pogwiritsa ntchito Electron, chida chopangira mapulogalamu a pakompyuta. Mkati mwa iliyonse muli Chromium yakeyake (injini ya bulawuza ya Chrome) pamodzi ndi Node.js (yoyendetsa code ya JavaScript). Mukatsegula atatu, ndiye kuti mwatsegula mabulawuza atatu obisika, iliyonse ndi ma process ake. Inetu zochezerazo ndimazitsegulira mu bulawuza momwemo, injini imodzi n'kusenza zonse. Yesani kaye zimenezo, n'zaulere.

Kadzidzi: A Fulu, nzeruyo ndi yabwino koma ikungochedwetsa. Makampani sasiya njira imeneyi, chifukwa amalemba kamodzi, pulogalamu n'kuyenda pa Windows, macOS ndi Linux. Iwo ntchito yapepuka, katundu wagwera ife. Ngakhale Apple mu 2024 inakweza MacBook Air kuti iziyambira pa 16GB. Gulani basi.

Fulu: Komatu zinthu zikusintha. Mu 2023 Microsoft inachotsa Teams pa Electron n'kuiika pa WebView2, injini yoonetsera masamba a intaneti mkati mwa pulogalamu, ndipo eniakewo ananena kuti yatsopanoyo imadya pafupifupi theka la RAM imene yakale inkadya. Palinso Tauri, chida china chonga Electron, yomwe imagwiritsa ntchito webview (injini yoonetsera masamba) imene ili kale mu kompyuta.

Kadzidzi: WebView2 ija ndi Chromium yomweyo, yangovala malaya ena. Tauri imachepetsadi kukula kwa fayilo yodawunilodi, koma tsamba lolemera ndi JavaScript limadyabe RAM likatseguka.

Nyerere: Onse mukuiwala chinthu chimodzi. A Gologolo, RAM yanuyo ndi yochotseka? Malaputopu ambiri opyapyala anaiwotcherera pa bodi, mulibe polowetsa ina. Komanso nambala yaikulu pa Task Manager isakuopseni. Kompyuta imasunga dala zinthu mu RAM kuti zizitseguka msanga. Vuto lenileni ndi pamene yadzaza n'kuyamba kutayira zina pa disiki. Ngati disikiyo ndi HDD yozungulira ija, ndiye mpake kukakamira, ndipo SSD, disiki yothamanga yosazungulira, ingakuthandizeni kuposa RAM.

Gologolo: Ndaona. Disiki ndi SSD, ndipo pali polowetsa RAM pena popanda kanthu. Koma RAM imakhala yodzaza ngakhale nditatseka bulawuza.

Nyerere: Ndiye gulani, bola ifanane mtundu ndi imene ilimo. RAM ya mtundu wa DDR5 silowa polowera ya DDR4.

Fulu: Ndavomera, ngakhale zimandinyansa kuti pulogalamu yongotumizira mauthenga izigulitsa munthu hardware. Koma mukaikamo, zimitsaninso mapulogalamu aja amadzitsegula okha kompyuta ikamayaka. Ena mukadina X satsekeka, amangobisala pakona ya wotchi n'kumadyabe.

Gologolo: Pakonapo ndapezapo atatu.