Ma capacitor akufufuma pa chigayo ku Workington, Harare

Wa ku Workington: Akuluakulu, thandizeni. Pa chigayo chomwe ndimayang'anira magetsi, ma capacitor a power factor (ochepetsa kVA yomwe chigayo chimakoka) akufufuma, ma fuse akupsa. Zayamba chimangireni ma VSD (zida zosinthira liwiro la mota) pa ma mota. Voltage ili 400 V bwinobwino. Transformer ndi ya 500 kVA, impedance 4%, banki ya ma capacitor ndi ya 250 kvar. Abwana akuti ndigule ena, akuti awa ndi achinyengo.

Mnyamata wa ku Mbare: Achimwene, mwina mpweya sukulowa mu panel? Fumbi la ufa limatseka mafani.

Wa ku Workington: Ndapukuta kale, mafani akuyenda.

Madala a ku Highfield: Mphwanga, usagule kanthu kaye. Tenga pensulo. 500 kVA ya transformer kugawa ndi 0.04 (4% ija) ndi 12,500 kVA. Gawanso ndi 250 ya banki, upeza 50. Square root yake ndi 7 ndi kakang'ono. Magetsi athu kuno ndi 50 Hz, ndiye transformer ndi banki yako zikugwirizana pa 350 Hz, pomwe pali harmonic ya nambala 7 (current ya frequency ya 50 Hz kuchulukitsa ka 7). Ma VSD wamba a six-pulse amatulutsa ya 5 ndi ya 7, 250 Hz ndi 350 Hz. Frequency ikamakwera reactance ya transformer imakwera, ya capacitor imatsika. Zikafanana, imeneyo ndiyo resonance: impedance yomwe VSD ikuona imakwera kwambiri, current imangozungulira pakati pa ziwirizo. Ukaika atsopano afufumanso, kaya ndi a fakitale iti.

Mayi wa ku Msasa: Zoona, madala. Komatu banki imalowa m'masitepe, ndiye malo a resonance amasuntha. Achimwene, bwerekani power quality analyser, muyeze current ya banki pa sitepe iliyonse. Clamp meter yosakhala true RMS ikunamizani. Nanga magetsi a ZESA (kampani ya magetsi ya kuno ku Zimbabwe) akathima, banki imakhalabe pa jenereta?

Wa ku Workington: Imakhalabe, mayi.

Mayi wa ku Msasa: Ichotseni ndi interlock, kuti izizima yokha jenereta ikayaka. Impedance ya jenereta ndi yaikulu, resonance ikhoza kutsikira kufupi ndi harmonic ya 5, yomwe ndi yamphamvu kuposa ya 7.

Madala a ku Highfield: Mankhwala ndi detuned reactor (koyilo yolumikizidwa mu series ndi capacitor) ya 7% pa sitepe iliyonse. Imatsitsa resonance kufika 189 Hz, kunsi kwa 250. Koma voltage pa capacitor imakwera kufika pafupifupi 430 V, ndiye a 400 V aja asabwereremo, funa a 480 V. Abwana akadandaula mtengo, uwaonetse kVA ya pa bilu banki ikakhala yozimitsa.

Wa ku Workington: Ndazimitsa banki kaye. Ndani ali ndi analyser ndibwereke Loweruka?