Shoko yakutsogolo ikudontha mafuta, ndingatsike nayo Chiweta?

Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi Sienta, ndimakhala ku Chiputula. Chithereni mvula galimotoyi ikugogoda kutsogolo mbali ya kumanzere, makamaka ndikalowa m'misewu yafumbi kapena ndikadutsa pa hampu. Pa tala wosalala ili zii. Dzulo ndinasuzumira kuseri kwa tayala, ndinapeza shoko yanyowa mafuta mpaka pansi, fumbi litamatirira. Tayalalo ladyeka modumphadumpha, ukalisisita ndi dzanja umamva timabampu. Loweruka tili ndi ukwati ku Karonga, ndinyamula mayi, apongozi ndi ana, katundu osanena. Ndalama zonse zalowa ku ukwatiko. Kodi ndingapite kaye n'kudzakonza pobwera? Wina akuti angaiboole shokoyo n'kuthiramo mafuta. Odziwa ndithandizeni.

Makaniko wa ku Luwinga: Achimwene, kukanakhala kuyenda m'tauni pang'onopang'ono ndikanati yendani. Koma Chiweta ndi katundu, ayi. Ntchito ya shoko ndi kukanikiza tayala pansi kuti lisamadumphe. Mafuta akatha, sipuling'i imangodumphadumpha yokha, tayala limagwira msewu mwa apo ndi apo. Mukaponda buleki mphuno imagwada, galimoto imatenga mtunda wautali isanaime, ndipo pa makona aja imapendekera mbali imodzi. Pa Sienta shoko yakutsogolo ndi strut, yagwira ndi mwendo wa tayala womwe, ndiye chiwongolero nachonso chimavutika nawo.

Wofunsa: Ndiye kugogodako ndi shoko yomweyo, bambo?

Makaniko wa ku Luwinga: Mwina ayi. Nthawi zambiri chogogoda pa mabampu ang'onoang'ono ndi stabilizer link, kandodo kolumikiza strut ku chitsulo choletsa galimoto kupendekera, kapena top mount, labala wapamwamba pomwe strut imamangidwa. Mabushi a control arm, mkono wachitsulo wolumikiza tayala ku thupi la galimoto, nawo amatero. Choopsa ndi ball joint, mfundo yolumikiza mkonowo ku mwendo wa tayala, chifukwa ikaguluka tayala limagona pompo. Bweretsani aikweze pa jeke, agwedeze tayala ndi manja. Sizitenga nthawi.

Mayi wa ku Katoto: Ine ndimayenda msewu wa Nkhata Bay pafupipafupi. Yanga itatha mashoko, ana ankasanza pa makona, galimoto ikuyenda ngati bwato panyanja. Apongozi anuwo akafika ku Karonga atakwiya kale.

Dalaivala wa takisi ya Ekwendeni: Inu musaopsezedwe, ife timayenda nazo choncho miyezi. Bola liwiro lochepa basi.

Makaniko wa ku Luwinga: Akulu, msewu wa Ekwendeni si Chiweta. Ndipo matayala mumagula kangati pachaka? Timabampu ananena aja ndi ndalama ikuthera pamsewu.

Wina wa ku Mchengautuwa: Zoboolazo zisiyeni. Mashoko amenewa ndi otsekeratu ku fakitale, ambiri ali ndi gasi mkati. Komanso mafuta anatulukira pa seal, labala wotsekera mafuta, yomwe yatha, ndiye othirawo atulukira pomwepo. Mulipira kawiri.

Wofunsa: Nanga ndikagula imodzi yokha ya kaunjika, yochotsa pa galimoto ina?

Wina wa ku Mchengautuwa: Zakutsogolo zimasinthidwa ziwiri, apo ayi mbali ina ilimba ina ili lende. Ngati thumba lakana zatsopano, za kaunjika zilipo zabwino, koma sankhani nokha. Ndodo yonyezimira ija isakhale ndi dzimbiri kapena mikwingwirima, pakamwa pakhale pouma. Ngati ilibe sipuling'i, ikanikizeni ndi manja: izilimba njira yonse, osati kulowa phwee. Samalaninso ndi zolembedwa KYB, dzina la kampani yopanga mashoko, pabokosi, zachinyengo zilipo.

Mayi wa ku Katoto: Ndipo musalole mwana wa pagalaji amasule sipuling'i popanda chopanira chake. Imafwamphuka ndi mphamvu, imavulaza.

Makaniko wa ku Luwinga: Mukamanga, pitani ku alayimenti, kokawongoletsa matayala, tsiku lomwelo, ndipo tayala lodyekalo lisakhalenso kutsogolo.

Wofunsa: Yewo nonse. Mawa m'mawa ndikaikweza pa jeke. Mtengo ukandikanika, amayi ndi apongozi ndiwakweza basi, Sienta itsala pakhomo. Amene mukudziwa pogula ziwiri zabwino muno mu Mzuzu, ndilembereni ku inbox.