Mvula yatitsekera m'nyumba, anawa ndiwatani?

Membala wobisa dzina: A Admin chonde ndibiseni, apongozi anga ali pa gulu pompano. Ine ndimakhala ku Machinjiri kuno ku Blantyre. Chiyambire Lachiwiri mvula sinakate, ndi mvumbi wokhawokha, ndiye ana ali pa holide angounjikana pabalaza ngati nkhuku zonyowa. Denga likudontha malo atatu, ndatchera ndowa, beseni ndi poto wophikira nyemba. A landilodi ndinawauza mu Okutobala, akuti tikonza mvula isanagwe, koma chimene anakonza ndi lendi basi. Bambo akunyumba amadzuka m'mamawa akuti kuntchito ku Limbe, pobwera usiku nsapato zili gwa, zouma, kaya ku Limbeko kuli dzuwa lakelake kaya. Ngati izi sizikukwana, alamu anga anadzatula ana awo akuti masiku awiri okha, lero ndi sabata yachiwiri, ngakhale paketi ya shuga sanasiye. Zovala sizikuuma, zayamba kununkha chuku. Magetsi akathima ndiye ndewu imayambika, dzulo athyola chitseko cha kabati ya mbale yomwe ndinagula ndi ndalama za banki m'khonde. Ndithandizeni abale, ndiwapatse chochita chanji m'nyumbamu? Ndalama ndilibe. Onyoza dutsani.

Mphunzitsi Wopuma: BAWO. Ndatha. Ana a masiku ano mitu inauma chifukwa cha makatuni. Ife tinakula ndi bawo ndipo masamu sitinkalephera. Musandiuze kuti mulibe thabwa. Tengani matileyi awiri a mazira, aja a mazira 30, muwalumikize. Werengani mizere inayi, mzere uliwonse mabowo 8, onse akhala 32, otsalawo dulani ndi mpeni. Nyemba 64. Mwana akaphunzira kudya njere za mnzake sadzakumbukanso TV.

Namwino wa Usiku: Mayi, anawo ndi angati ndipo ali ndi zaka zingati? Tiyambire pamenepo.

Mnyamata wa Kabaza: Anthu inu mukukamba za bawo, ine maso anga ali pa nsapato zoumazo. Ine ndimayenda msewu wa Limbe tsiku lililonse, dzulo ndinanyowa mpaka kabudula wamkati. Madalawo akuyenda pa helikopita?

Mayi wa Chigwirizano: Achimwene, musapasule banja la eni ake. Mwina amakhala mu ofesi.

Mnyamata wa Kabaza: Ofesiyo imawaperekeza mpaka pakhomo?

Mayi wa Chigwirizano: Achemwali ofunsanu, Nowa anapirira mvula masiku 40 ali ndi mikango m'nyumba, inu masiku asanu mwayamba kale kulira. Sonkhanitsani anawo, aloweze mavesi, muyimbe nyimbo za kwaya, wina akhale mbusa wina msungichuma. Koma chonde asakhudze njuga, ndaona anthu amakonda kulangiza zimenezo.

Mphunzitsi Wopuma: Palibe amene watchula njuga pano mayi. Ndanena bawo. Bawo si njuga. Ndipo mavesi mwana amaloweza ngati chinkhwe, pamene pa bawo amawerenga mabowo asanaponye dzanja. Ndaphunzitsa Sitandade 5 zaka zambirimbiri, ndikudziwa chimene ndikunena.

Mayi wa ku Chilobwe: Ine ndikangowerenga kuti mvula sinakate masiku angapo mtima umandithamanga. Mu Marichi 2023 nthawi ya Freddy ifenso tinkangoti ndi mvumbi, ana akusewera pansi, ine ndikukolopa madzi olowa pansi pa chitseko. Kenako phokoso lochokera kuphiri la Soche, ngati malole ambiri akutsitsa miyala nthawi imodzi. Tinatuluka ndi zovala za m'thupi zokha. Mpaka lero mwana wanga wamkulu mvula ikalimba sagona, amakhala tsonga pa mphasa. Ndiye inu zoseweretsa ana zisakutangwanitseni kwambiri, yang'anani khoma. Likayamba kunyowa kuchokera pansi kapena kuchita ming'alu, tulukani. Zikalata ndi mabuku akuchipatala ikani mu jumbo pafupi ndi khomo.

Namwino wa Usiku: Pepani mayi, Mulungu akulimbitseni. Ofunsa, ndikudikirabe zaka za ana.

Sisi wa ku Joni: Ingowagulirani tabuleti muwaikire YouTube, anga kuno ku Johannesburg amakhala phee tsiku lonse.

Mnyamata wa Kabaza: Munthu wanena kuti shuga alibe, inu mukuti tabuleti. Tumizani ma rand sisi, bandulo tigula ife.

Mphunzitsi Wopuma: Mwamva? Kukhala phee ndiye mwati kulera? Ngakhale mbuzi ikadwala imakhala phee.

Sisi wa ku Joni: Aphunzitsi, ana anga asakulowereni m'kamwa. Munawaphunzitsa bawo aja ali kuti lero?

Mphunzitsi Wopuma: Ena ndi madokotala.

Bambo wa Mapasa: Ine anga ndinapita nawo ku museum ya ku Chichiri tsiku lina kukugwa mvula. Mkati anaona zida zamakolo ndi zinthu zakalekale, anasangalala ndithu, koma chimene ankafuna kwenikweni ndi mutu wa sitima yakale uja, ndipo uli panja. Tinabwerako tonse tili chinyowere, mmodzi ndi chimfine. Kuchokera ku Machinjiri ndi gulu la ana, ya minibasi yokha ikupwetekani. Chomwe chimandithandiza ine ndi ufa. Apatseni beseni akande mandasi kapena zitumbuwa, aliyense aumbe chakechake, wina galimoto wina nsomba. Maola awiri amatha osadziwa. Pokazinga pokhapo gwirani nokha.

Namwino wa Usiku: Poti mwatchula zokazinga. Mbaula musayatse m'nyumba mutatseka mazenera ndi zitseko chifukwa cha mvula. Mpweya wa makala suoneka, sununkha, munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Phikirani pakhonde, ndipo zovala musaumitse pa mbaula m'chipinda chogona. China, madzi akumwa thirani mankhwala kapena wiritsani, mwaiwala kuti mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera? Koma chimene ndikulimbikira zaka n'chakuti ngati pali wokwawa, ndowa yodonthera ija ndi chitsime kwa iyeyo. Ndipo nyemba za aphunzitsizo wazaka ziwiri amaika m'mphuno. Tazichotsapo zambiri.

Mphunzitsi Wopuma: Nyemba sinalakwe, walakwa ndi kholo losayang'anira. Gwiritsani ntchito zitsekerero za mabotolo ngati mukuopa. Zomwezo mupangirenso drafuti pa katoni, ena azitembenuza ena ayi. Koma drafuti ndi ya aulesi, bawo ndiye mwini wake.

Zotchipa Zili Pano: Maambulera, majombo a ana ndi malenikoti zilipo, masaizi onse. Ndipezeni ku inbox.

Agogo a ku Zomba: Adzukulu, magetsi akathima ndiye nthawi yabwino. Khalani pamphasa, inu munene kuti padangokhala, iwo ayankhe tilitonse. Za Kalulu ndi Fisi simukuzidziwa? Mukatopa ponyeranani zilapi. Nyumba yanga yopanda khomo, n'chiyani? Atsikana apatseni timiyala asewere ndado pakona. Ndipo mvula ikakata madzulo magetsi n'kuyaka, ikani beseni la madzi pansi pa babu la panja, ngumbi zigweremo. Ana asangalala, ndiwo mwapezanso.

Mnyamata wa Kabaza: Ndi dzira agogo. Kapena nyumba ya a landilodi a mayiwa, imeneyo ndi yopanda denga.

Mayi wa Chigwirizano: Kwathu nthano sitinkanena masana, agogo ankaletsa.

Agogo a ku Zomba: Ankaletsa kuti mupite kumunda. Ku Machinjiri pabalaza alima chiyani?

Lendi Yanditopetsa: Nkhani yonseyi ndi landilodi. Gulani phula mumate dengalo, risiti musunge, mudule pa lendi. Ine wanga ndinamuchita zomwezo, anandithamangitsa mu Febuluwale mvula ili pakati, katundu pa ngolo, matiresi ananyowa mpaka ndinataya. Koma mfundo yanga anaimva.

Bambo wa Mapasa: Ndiye mukulangiza kuti nawonso awathamangitse?

Mphunzitsi Wopuma: Mwasiya nkhani ya ana nonsenu. Ofunsa, matileyi aja mwapeza?

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse, ndawerenga. Za nsapatozo ndawafunsa, akuti amasinthira kuntchito, ndiye kaya. A landilodi foni sakuyankha koma pa WhatsApp akuoneka kuti alipo. Alamu anga akuti abwera Loweruka, sananene kuti Loweruka lake liti. Aphunzitsi, matileyi ndinapempha pa okala, koma nyemba zija ndaphika, kunalibe ndiwo ina. Anawo ndi ana ndithu, ena aakulu ena aang'ono.

Namwino wa Usiku: Mayi. ZAKA.

Mphunzitsi Wopuma: Chimanga chiliponso. Njere 64.