Kodi katenthetsedwe ka thupi kamakhudza bwanji kudumpha kwa osewera volleyball achichepere?

Mphunzitsi wa Atsikana:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa pa ntchito yophunzitsa masewerawa. Ndimaphunzitsa atsikana a zaka zapakati pa 13 ndi 16, ndipo tisanalowe m'bwalo timachita zimene ineyo ndinaphunzira ndili wamng'ono: amathamanga kuzungulira bwalo kawiri, kenako amakhala pansi n'kutambasula ntchafu ndi akatumba, mwendo uliwonse akuugwira osausuntha kwa mphindi yathunthu kapena kuposerapo. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti mu seti yoyamba amadumpha molemera, manja awo potchinga sapitirira bwino ukonde, koma ikafika seti yachiwiri amapepuka. Kodi cholakwika chili pa katenthetsedwe kathu, kapena ndi mantha a poyambira basi?

Bambo Wotchinga:

Aphunzitsi, mantha angakhalepo ndithu, koma ine ndikukayikira kwambiri mphindi zimene anawo amakhala pansi. Munthu akamadumpha amayamba wanyonyomala pang'ono, ndipo pa nthawi imeneyo minofu ya ntchafu ndi mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa zimakokeka ngati mphira wa legeni, n'kubweza mphamvuyo msangamsanga pamene akunyamuka. Mukaugwira mnofu motambasula kwa masekondi 60 kapena kupitirira, umafewa ndipo kwa kanthawi umachedwa kubweza mphamvu. Kutambasula kwa masekondi osakwana 30 sikuvulaza kwenikweni kadumphidwe, choncho simukuyenera kukusiyiratu, koma kwakutaliko kusungireni kumapeto kwa maphunziro.

Chinanso n'chakuti kutentha kumene apeza pothamanga kumayamba kutha akakhala pansi. Mnofu wotentha umakokana mwachangu kuposa wozizira, n'chifukwa chake seti yoyamba ikugwira ntchito imene kutenthetsa thupi kukanagwira. Ine ndimatsatira dongosolo lotchedwa RAMP limene katswiri wa zolimbitsa thupi Ian Jeffreys analongosola: kuyamba ndi kuthamanga pang'ono mpaka thukuta lituluke, kudzutsa minofu ya m'chiuno ndi m'matako, kuyendetsa mfundo za thupi uku akuyenda ndi kuponya miyendo, ndipo pomaliza kudumpha kangapo kokha mwamphamvu zonse, kuphatikizapo masitepe atatu aja othamangira kukamenya mpira. Zonsezi zimatenga mphindi 15 kapena kuchepera.

Mayi Woyeza:

Ndikugwirizana ndi bambo amene alemba pamwambapa, koma ndikukulangizani kuti muyeze nokha m'malo mongokhulupirira maso. Njira yoyezera kadumphidwe yotchedwa Sargent imangofuna choko ndi khoma: mwana aime chammbali, atukule dzanja n'kusiya chizindikiro, kenako adumphe katatu akukhudza khomalo, inu mulembe m'masentimita kusiyana kwa chizindikiro choyambacho ndi pamene wakhudza pamwamba kwambiri. Yesani tsiku lina atatenthetsa mwa njira yanu yakale, tsiku lina mwa njira yatsopano, pa ola lomwelo ndiponso anawo asanatope. Musayembekezere zodabwitsa, chifukwa kusiyanako kumakhala kochepa. Komabe pa ukonde wa akazi wa mamita 2.24, kapena wa amuna wa mamita 2.43, kochepako n'kumene kumasiyanitsa mpira wotchingidwa ndi mpira wokhudza nsonga za zala n'kutuluka kunja.

Mphunzitsi wa Atsikana:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Nanga n'zoona kuti kunyamula zitsulo zolemera kangapo masewero asanayambe kumathandiza wosewera kudumpha kwambiri? Ndinaonapo achikulire ena akuchita zimenezi.

Bambo Wotchinga:

N'zoona kwa osewera amphamvu amene akhala akunyamula zitsulo kwa zaka zambiri, ndipo nawonso amafunika kupuma mphindi zingapo phindu lisanaoneke. Kwa mwana amene sanazolowere, kutopa kumaposa phindulo. Pa msinkhu wa atsikana anuwo ine sindingayese n'komwe. Ena mwa iwo mafupa akukulabe, ndipo kupweteka kwa m'munsi mwa bondo, kumene madokotala amakutcha Osgood-Schlatter, kumabwera pa zaka zimene thupi likukula msanga mwa ana odumpha kawirikawiri. Ndikadakonda kuti mphindi zimenezo muziphunzitse katsikidwe: kutera ndi miyendo yonse iwiri, mawondo atapindika ndipo osagwera mkati. Kubinya kakolo n'kofala kwambiri pa ukonde, makamaka wosewera akatera pa phazi la mnzake.

Woimbira Wopuma:

Ndiwonjezere za nthawi, pakuti ndinaziona zaka zambiri ndili pa mpando wa woimbira. Malamulo a FIVB, bungwe loyang'anira volleyball padziko lonse, amapereka mphindi 6 kuti matimu onse atenthetsere pamodzi pa ukonde ngati anali ndi bwalo lina lokonzekerapo, kapena mphindi 10 ngati analibe. Nthawi imeneyi ndi yozolowera mpira ndi ukonde, si yoyambira kutenthetsa thupi, choncho ana anu afike pamenepo atatuluka kale thukuta. Muwaganizirenso amene ali panja. Mtsikana amene waima mphindi 20 wazizira, ndipo mukamulowetsa kuti akatchinge adzadumpha ngati anzake a mu seti yoyamba aja. Malamulo amamulola kutenthetsa thupi popanda mpira pa malo ake a pakona masewero ali mkati, ndiye muuzeni avale chofunda ndipo azidumphadumpha pang'ono mpaka mutamuitana.