Banki m'khonde: ngongole ya injini ya boti la a Chisale

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Ndiyike pano nkhani ya a Chisale tisanakumane Lamulungu poti anthu akundifunsira kumbali. Mu March anatenga K900,000 yogulira injini ya boti, chiwongoladzanja 20%, imayenera kubwera K1,080,000 June asanathe. Abweza K300,000 yokha, yatsala K780,000. Chikole mu buku tinalemba injini yakale ya dizilo ija.

Anaphiri: Injini yake iti? Inetu ndaiona ndi maso angawa ikugaya chimanga pa chigayo, akuti anagulitsa K250,000 gulu osaliuza

Msungichuma: Nane zandifika. Ndiye kuti panopa m'bokosi mulibe ndalama, chikole kulibenso

A Chisale: Sindikukana amayi, ndinagulitsadi. Koma mundimve kaye. Injini ija inali itatha, imadya oyilo, utsi wokhawokha, madzi analowa oyilo mpaka kuyera ngati mkaka ndipo inatithimira pakati pa nyanja tili ndi matumba a usipa komanso anthu. Makaniko anati gasiketi, maringi ndi pampu zonse zikufuna zatsopano nde ndinaona bola kugula ina. Vuto yatsopanoyo itafika kuchokera ku Lilongwe sinakhale pa matabwa akale, mabawuti sakugwirizana, shafiti yafupika, tinachita kusula kapulingi ina ndi kuitana mmisiri akhome matabwa ena pansi. K250,000 ija inathera pamenepo, sindinadye ine

Make Tadala: Koma bambo inu popempha ngongole munanena pamaso pa tonse kuti mukagulitsa yakaleyo ndalama yake ibwera kuno choyamba. Ine ndinafuna K100,000 ya geni yanga ya tomato mu May anandiuza m'bokosi mulibe, masheya anga ali momwemo koma ndinakatenga katapila

Anabanda: Komanso boti lanu si lili ndi thanga? bwanji simumayenda ndi mphepo kumabweza pang'onopang'ono

A Chisale: Anabanda nyanja simuidziwa. Nthawi ya mwera kuchoka kuno ku Nkhotakota kupita ku Dwangwa thanga limakoka bwinobwino chifukwa mphepo ili kumbuyo, pobwerera ndi pomwe pali ntchito, ukulimbana nayo maso ndi maso, popanda injini ungagone padoko masiku usipa wa anthu nkumaonongeka. Ndipo shafiti ikapanda kulunjika ndi injini boti lonse limanjenjemera, imadya mabeyaringi, madzi nkuyamba kulowera kumbuyo. Sindikanathamangira kunyamula anthu zisanakhale bwino

Bambo a Mphatso: Pa za shafiti akunena zoona, ndinagwirako ntchito m'boti. Komanso chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 chitsulo chilichonse chinakwera, mtengo womwe umamva lero mawa ndi wina. Ine ndikuti chiwongoladzanja cha mwezi uno tiwakhululukire, munthu sanathawe

Anaphiri: Ayi zimenezo ayi. Chaka chatha ine ndinachedwa ndi mwezi umodzi mwana ali mchipatala, munandiwerengera chiwongoladzanja chonse ndipo ndinalipira osadandaula. Lamulo likhale limodzi, kapena poti awa ndi abambo a boti?

Msungichuma: Anaphiri akunena zoona, malamulo tinasainira tonse. 20% pa K780,000 ndi K156,000, zonse K936,000. Koma ine chikundiwawa si chiwongoladzanja, ndi chikole. Chinthu chikalembedwa mu buku sichikhalanso chako wekha mpaka utamaliza ngongole. Mukanabwera nkunena kuti anzanga injini sikukwana ndigulitse yakaleyi, ndani akanakana?

A Chisale: Ndinaopa kuti mukana boti nkukhala pamtunda mwezi wina. Lembani yatsopanoyi ikhale chikole

Make Tadala: Yatsopanoyo ndi yanu nokha? paja tinamva achimwene anu a ku Johannesburg anaonjezerapo ndalama, mawa adzatiuza kuti theka ndi lawo

A Chisale: Anatumizadi yoonjezera koma lisiti lili m'dzina langa

Mlembi: Ndiye lisitilo libwere, ndikopere nambala ya injini mu buku, achimwene anuwo atumize voice pano kuti akuvomera

Wapampando: Ndawerenga zonse. Maganizo anga ndi awa, Lamulungu tidzavote. Chiwongoladzanja sichichotsedwa, ngongole ndi K936,000. Chindapusa chogulitsa chikole mwakabisira chiperekedwe monga mwa malamulo athu. Injini yatsopano ilowe mu buku, mkazi wa a Chisale asainenso ngati mboni. A Chisale boti layamba kuyenda?

A Chisale: Layamba dzana. Ndikhoza kumapereka K120,000 sabata iliyonse dizilo akamapezeka

Anaphiri: Mawu oti "akamapezeka" asalowe mu buku chonde, December tikufuna tigawane ndalama osati tiyambe kusaka wogula injini

Make Tadala: Ndipo K120,000 yoyambayo ikalowa ndikongole ndine, ndikachotse katapila uja

Wapampando: Zamveka, Mlembi lembani Make Tadala oyamba pa mzere. A Chisale K120,000 ndi lisiti Lamulungu 2 koloko, osunga makiyi atatu nonse musajombe